Ndege ya Mapesi pa Njira ya ku Thambani

Munthu akatchula Mwanza, ambiri timaganiza za manachesi ndi chipata cha m'malire. Miyezi ya June ndi July ikafika, m'mbali mwa msewu wa M6 mumachita kufiira ndi milu ya manachesi, ndipo mathiraki opita ku Tete, Harare ndi Johannesburg amandanda kudikira kuti awolokere ku Zobue. Bomali lilibe bwalo lotera ndege zonyamula anthu. Komabe pa ulendo wa zaumoyo umene tinayenda kumeneko nyengo yozizira yapitayi, tinaonako ndege zambirimbiri: zojambula pamakoma, zopinda ndi waya, zolumikiza ndi mapesi. Imodzi mwa ndegezo inatsala pang'ono kusamutsa gogo wina pamudzi pake.

Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi: namwino wopuma pantchito, mphunzitsi wa pulayimale, amayi awiri a Dorika, mkulu wa mpingo ndi wa dipatimenti ya zaumoyo. Tinanyamula makina oyezera kuthamanga kwa magazi, oyezera shuga, sikelo, ndowa ya mpopi ndi sopo. Sabata tinapembedza pa boma, ndipo Lamlungu m'mawa tinakonzeka kulowera njira ya ku Thambani, kumene abale a kampingo kena kakang'ono anatiitana kuti tikayeze anthu ndi kuphunzitsa za ukhondo.

Ndege za pa boma

Galimoto yathu inachedwa, choncho tinayamba tazungulira pamsika. Ndege yoyamba tinaiona pakhoma la kaofesi kogulitsira matikiti a mabasi a ku Joni. Inali yoyera, ya mawindo ambiri, mphuno italoza kumwamba. Tinaseka, poti pamalopo sagulitsa tikiti ya ndege ngakhale imodzi. Mwayi wake, wojambula zikwangwani uja anali chapafupi, akulemba dzina la salu ina. Mkulu wa mpingo anamufunsa kuti, "Achimwene, bwanji simunajambule basi, poti anthu akwera basi?"

Iye anapukuta manja pa ovolosi yake nati, "Bambo, ndikajambula basi, munthu amakumbukira masiku awiri okhala pampando miyendo itatupa. Ndikajambula ndege, amaona ngati wafika kale."

Yankho limeneli tinayenda nalo tsiku lonse. Mabasi ambiri ochoka m'dziko muno kupita ku South Africa amadutsa pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge. Mwana wa ku Mwanza amakula akuona anthu akupita. Pafupifupi banja lililonse limene tinacheza nalo linali ndi wina amene ali kunja. Si zodabwitsa kuti chithunzi cha ndege chimagwira mtima kuno.

Chapafupi ndi chipata tinapeza bambo wina atayala zidole za waya pa thumba. Panali njinga, magalimoto, ndi ndege zokutidwa ndi malata a zitini za zakumwa. Inanso inali helikopita imene mapiko ake ankazungulira mphepo ikangodutsa. Ntchito yake inali yaukhondo, mfundo iliyonse yomangidwa bwino. Koma bamboyo ankatsokomola pafupipafupi, ndipo zikhatho zake zinali zakuda ndi zong'ambikang'ambika. Anamwino atafunsa kumene amapeza waya, anati wina amagula, koma wambiri amachotsa m'matayala akutha, ndipo kuti waya atuluke amayamba wawotcha tayalalo. Anamwino anamufotokozera kuti utsi wa tayala uli ndi poizoni amene amapweteka mapapo ndi maso, ndipo kuti chifuwa chimene chatha milungu iwiri osasiya n'chofunika kukayezetsa makhololo kuchipatala, kuopa chifuwa chachikulu. Tinagula ndege imodzi, ndipo iye analonjeza kuti apita. Sitikudziwa ngati anapitadi, koma tinamusiyira mawu.

Zimene aphunzitsi anatiuza m'galimoto

Titasiya tara, fumbi linayamba. Dziko la kuno ndi la zitunda ndi makwawa, minda ya nandolo ili m'mbali, mitengo ya manachesi itazungulira nyumba. Ndege ya waya ija inali pamiyendo pa aphunzitsi, amene amaphunzitsa phunziro la luso ndi zamanja. Iwo anati bambo uja ali ndi anzake ambiri padziko lapansi, kungoti anzakewo ntchito zawo zimaikidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetseramo zaluso, anthu n'kumalipira kuti aone.

Anayamba ndi mmisiri wa ku Belgium wotchedwa Panamarenko, amene anamwalira mu 2019. Moyo wake wonse ankapanga makina ouluka: ena a mapiko ngati a tizilombo, ena opalasa ngati njinga, ena ovala kumsana. Pafupifupi onse sanauluke. Komabe anthu amapitabe kukawaona, chifukwa munthu akaima pafupi ndi makinawo amakumbukira tsiku limene iyenso ali mwana anatambasula manja n'kuthamanga, akuyesa kuti mwina mphepo imunyamula.

Kenako anatiuza za Tomás Saraceno wa ku Argentina. Iyeyu ndi anzake anayambitsa ntchito yotchedwa Museo Aero Solar mu 2007. Anthu a m'dera amatolera majumbo akale, kuwatsuka, kuwadula ndi kuwamata pamodzi mpaka apange chibaluni chachikulu ngati nyumba. M'mawa dzuwa likawomba, mpweya wa m'kati umatentha, umapepuka, ndipo chibalunicho chimakwera chokha popanda dontho la mafuta. Mayi mmodzi wa Dorika anaseka nati, "Ndiye kuti majumbo amene adzaza m'ngalande zathu aja ndi ndege zogona!" Aphunzitsi anati mfundo ya mmisiriyo ndi yomweyo: kufunsa ngati munthu angakwere kumwamba popanda kuipitsa mpweya umene tonse timapuma.

Sanaiwale za kwathu kuno. Ku Zambia mu 1964, chaka chimene dzikolo linalandira ufulu, mphunzitsi wina dzina lake Edward Makuka Nkoloso analengeza kuti atumiza anthu kumwezi asanafikeko a ku America ndi a ku Russia. Ankaphunzitsa achinyamata ake powalowetsa mu mgolo n'kuwagubuduza pachitunda. Dziko linamuseka, ndipo palibe amene anauluka. Koma patapita zaka pafupifupi 50, wojambula zithunzi wa ku Spain, Cristina de Middel, anatulutsa buku la zithunzi lotchedwa The Afronauts mu 2012, pokumbukira maloto a bamboyo. Ku Ghana, m'tauni ya Teshie pafupi ndi Accra, akalipentala amakhoma mabokosi a maliro ooneka ngati nsomba, galimoto kapena ndege. Nkhani imene imakambidwa kumeneko ndi yakuti mmisiri Kane Kwei anakhomera agogo ake bokosi la ndege chifukwa ankaona ndege zikudutsa masiku onse koma sanakwerepo. M'dziko mwathu muno, mu 2016 manyuzipepala analemba za a Felix Kambwiri a m'chigawo chapakati, amene anapanga helikopita pakhomo pawo ndi zitsulo zotola ndi injini ya njinga yamoto.

Mkulu wa mpingo, amene anakulira kufupi ndi malire, anakhala chete nthawi yonseyi. Kenako anati kwa anthu a msinkhu wawo, kulira kwa ndege sikunali kosangalatsa. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu zikwizikwi anathawira ku Mwanza, ndipo ena mwa iwo akamva chinthu chikulira m'mwamba ankagwira ana n'kuthamangira kutchire. Ngakhale posachedwapa, mu 2016, mudzi wa Kapise unalandiranso anthu othawa kwawo. Aphunzitsi anavomera, nati amisiri a ku Maputo anayankha zimenezi mwa njira yawo. Kuyambira mu 1995, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya ku Mozambique ankalandira mfuti kwa anthu n'kuwapatsa makasu, njinga ndi makina osokera. Amisiri ankadula mfutizo n'kuziwotcherera kukhala mipando, mitengo ndi mbalame. Mtengo wina wotere unakaikidwa ku British Museum ku London mu 2005. Chitsulo chimene chinkapha anthu chinasanduka mbalame yotambasula mapiko.

Ndege ya pakhonde la agogo

Tinafika dzuwa litakwera. Abale anali atayala mabenchi pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu anali atayamba kale kusonkhana. Tinapemphera, tinagawana ntchito, ndipo mzere unayamba kuyenda. Chapakati pa ntchito, mayi wa Dorika anaona kamnyamata ka zaka ngati 11 kataima patali, kakutsimphina. Anakakodola, koma ana ena anayamba kuseka n'kumati, "Payiloti! Payiloti wa agogo!" Mnyamatayo anatembenuka n'kumapita.

Tinamutsatira awiri, ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Nyumba yake inali kumapeto kwa mudzi, yofolera ndi udzu. Pakhonde panakhala gogo wina wochepa thupi, akusenda nandolo. Pamwamba pake, pa phaso la denga, panalendewera ndege yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu.

Sitinaonepo ndege ya mapesi yokongola chotero. Ana ambiri amadziwa kusenda phesi, kutenga kam'kati kofewa kaja, ndi kugwiritsa timizere ta khungwa lake ngati misomali. Koma uyu anapitirira pamenepo. Anaboola mawindo mumzere wowongoka, anaika matayala a zitsekerero za mabotolo, chitseko chotseguka, ndi timipando m'kati. Mapiko anawaluka ndi nsungwi zimene anasolola ku lichero lakutha la agogo ake. Kumchira analemba ndi makala kuti JHB.

"Iwe, wapanga wekha imeneyi?" tinamufunsa.

Anagwedeza mutu, maso ali pansi. Pang'ono ndi pang'ono anatiuza kuti amayi ake anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo kukagwira ntchito ya m'nyumba. Anapita pa basi, koma anamulonjeza pafoni kuti tsiku lina adzabwera pa ndege. Iye sanaionepo ndege pafupi, amangoiona ikudutsa m'mwamba ngati kambewu ka mpunga, ndi pa chithunzi cha m'buku la kusukulu.

Mlangizi wa zaumoyo anatikokera pambali n'kutiuza zotsalazo. Kawiri konse m'miyezi yapitayo, anthu olawirira kumadimba anawapeza agogowo mbandakucha ali kudambo, atangomanga kansalu kamodzi, akunjenjemera, osadziwa njira yobwerera kwawo. Atawafunsa chimene akufuna, ankatchula dzina la amuna awo amene anamwalira kalekale. Kenako mwana wa pa nyumba ina yoyandikana nayo anadwala malungo n'kumwalira. Anthu anayamba kulumikiza: gogo wopezeka kudambo usiku, mwana womwalira, ndi ndege ya mapiko a lichero pakhonde. Aliyense wokulira m'Malawi amadziwa zimene zimanenedwa za lichero ndi maulendo a usiku. Mphekesera inati agogowo anagwa m'ndege mafuta atatha, ndipo mdzukulu wawo ndiye amaiyendetsa. Mnyamatayo anasiya sukulu chifukwa cha kunyozedwa. Anyamata ena anali atanena kale kuti mwezi ukatha nyumbayo aiyatsa.

Mitima yathu inagunda, chifukwa tikudziwa kumene nkhani zotere zimathera. Mu January 2016, m'boma loyandikana nalo la Neno, limene kale linali mbali ya Mwanza, anthu okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi powaganizira ufiti mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi.

Tinaitana anamwino. Anagwada pafupi ndi agogowo nati, "Agogo, mwaswera bwanji? Tabwera kudzakuonani." Agogowo anayankha mwaulemu, namwetulira. Koma atafunsidwa kuti lero ndi tsiku lanji, sanadziwe. Atafunsidwa ngati adya, anati ayi, pamene mbale ya phala inali pambali pawo itatha. Mdzukulu wawo ankamutchula dzina la mwana wawo wamwamuna. Makina anaonetsa kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, nambala yapamwamba itapitirira 180. Phazi la mnyamata nalo linali lotupa. Anaponda waya ku dzala masiku anayi m'mbuyomo akufunafuna zopangira matayala, ndipo anangomangapo kansanza. Anamwino anatsuka balalo ndi madzi ndi sopo, nalembera onse awiri kalata yopita nayo kuchipatala m'mawa mwake.

Pansi pa mtengo wa mango

Mkulu wa mpingo anapita kukapempha amfumu kuti atilole kulankhula za nkhaniyi pagulu. Amfumu anayamba akana, nati nkhaniyo ndi yoterera. Kenako anati, "Chabwino, lankhulani, koma musanyoze anthu anga. Mwana anamwaliradi, ndipo makolo ake ali pompano."

Mawu amenewo anali anzeru, ndipo tinawatsatira. Tinayamba ndi kupepesa banja loferedwa. Mlangizi wa zaumoyo anakumbutsa anthu kuti malungo amabwera ndi udzudzu, ndipo mwana akatentha thupi ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Kenako anamwino anaimirira nafunsa kuti, "Ndani pano amene ali ndi kholo limene limaika ndalama pena n'kuiwala, kenako n'kumati mwaba?" Manja angapo anakwera, anthu akuseka. "Nanga amene kholo lake limafunsa funso limodzi kasanu?" Manja enanso anakwera.

Anafotokoza kuti ubongo ndi chiwalo ngati maso kapena mawondo, ndipo nawo umadwala. Pali matenda amene madokotala amawatcha dementia, amene amawononga ubongo pang'onopang'ono. Munthu amaiwala za lero koma amakumbukira za kale. Amasokonezeka kwambiri kukamada, ndipo amatha kudzuka usiku n'kuyamba ulendo wopita kumudzi kumene anabadwira kapena kukafuna mwamuna amene anamwalira. Akatopa amakhala pansi pamene wafikapo, ndipo anthu amamupeza m'mawa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ku Ulaya, ku Asia ndi kuno komwe. Kuthamanga kwa magazi kosalandira mankhwala ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimawabweretsa. "Agogo aja sanagwe kuchokera kumwamba," anatero anamwino. "Anayenda ndi miyendo yawo, ndipo minga ili m'mapazi mwawo. Kaoneni."

Bambo wina anaimirira nati, "Zamveka amayi, koma nanga ndege ija?"

Apa aphunzitsi anapempha mnyamata uja kuti abweretse ndegeyo. Anabwera akutsimphina, anthu akumupatsa njira yaikulu kuposa imene inafunika. Aphunzitsi anati, "Mwana wanga, imasule tione zili m'kati." Misozi inalengeza m'maso mwake, koma anamvera. Anasolola mapiko, anatsegula thupi lake, nayala zonse pamphasa: mapesi, nsungwi, zitsekerero, ulusi wa thumba. Munalibe china. Kenako aphunzitsi anatuma ana onse kuti akatole mapesi m'munda wapafupi, nati kwa mnyamatayo, "Tsopano iwe ndiwe mphunzitsi. Aonetse anzako."

Poyamba ana ankayang'ana makolo awo. Kamtsikana kena ndi kamene kanayamba kukhala pansi, kenako ena anatsatira. Pamene ife tinkamaliza kuyeza akuluakulu, pamphasa panali ndege 14, zina zopindika, zina za phiko limodzi lalitali. Amfumu anatola imodzi, naitembenuza uku ndi uku, nati, "Ngati uwu ndi ufiti, ndiye kuti mdzukulu wanganso watha kale." Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunamasula zambiri.

Aphunzitsi anawonjeza kankhani kamodzi. Mu 1878, mbusa wina wa ku America, Milton Wright, anabweretsera ana ake aamuna kachidole kouluka kopangidwa ndi nsungwi, pepala ndi mphira. Anyamatawo anasewera nako mpaka kanathyoka, kenako anayamba kupanga tawo. Pa 17 December 1903, ana omwewo, Wilbur ndi Orville, anaulutsa ndege yoyamba ya injini. Ulendo woyambawo unatenga masekondi 12 okha. "Akanakhala kuti anabadwira m'mudzi wina," anatero aphunzitsi, "bwenzi atawotcheredwa nyumba."

Mkulu wa mpingo anatseka ndi mawu ochepa. Anati ife Akhristu sitikana kuti Satana alipo ndipo amagwira ntchito, koma imodzi mwa ntchito zake zazikulu ndi bodza ndi kunenezana. Anakumbutsa anthu lamulo lachisanu la kulemekeza makolo ndi lachisanu ndi chinayi loletsa umboni wonama, pa Eksodo 20. Anatinso malamulo a dziko lino, kuyambira mu 1911, amaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Amfumu analamula kuti aliyense wokhudza nyumba ya agogowo adzayankha kwa iwo ndi kupolisi.

Tinganame tikati onse anakhutira. Amayi ena anachoka akunong'onezana, ndipo bambo wa mwana womwalira uja sananene kanthu. Chikhulupiriro chimene munthu wayamwira sichitha ndi msonkhano umodzi.

Zimene tingachite pakhomo

Ulendowu unatiphunzitsa zinthu zingapo zimene tikufuna kugawana ndi mabanja owerenga magazini ino.

Kholo likayamba kuiwalaiwala, kusochera kapena kulankhula zosagwirizana, tipite nalo kuchipatala. Ngati kusokonezekako kwayamba mwadzidzidzi, tisadikire n'komwe, chifukwa kungakhale malungo, shuga wotsika kapena wokwera, matenda a m'chikhodzodzo kapena sitiroko, ndipo zambiri mwa izi zili ndi chithandizo. Ngati ndi dementia, mankhwala ochiziratu palibe, koma chisamaliro chimathandiza kwambiri. Munthuyo asagone yekha. Pachitseko tingamangirire kabelu kapena chitini cha timiyala kuti akatsegula usiku timve. Tisakangane naye akalakwitsa dzina kapena tsiku. Tiwauze anansi ndi amfumu za matendawo zinthu zisanafike poipa, kuti akamuona akuyenda yekha amubweze mwaulemu.

Ife amene tidakali ndi mphamvu, tiyezetse kuthamanga kwa magazi ngakhale tisakumva kupweteka paliponse. Tichepetse mchere, tidye masamba, nyemba, nandolo ndi zipatso, tiyende, tigone mokwanira, ndipo tipewe fodya ndi mowa. Zimene zimateteza mtima zimatetezanso ubongo.

Ana opanga zidole tisawaletse, koma tiwateteze. Asawotche matayala kapena mapulasitiki. Asaswe mabatire, chifukwa mtovu wa m'mabatire a galimoto umawononga ubongo wa mwana. Avale nsapato popita kotola zinthu. Akaulutsa kaiti, akhale kutali ndi mawaya a magetsi. Ndipo tiwauze momveka kuti ambulera kapena thumba si mapiko, poti ana ambiri athyoka miyendo podumpha mumtengo. Mwana akabayidwa ndi waya kapena msomali, titsuke balalo ndi madzi oyera ambiri ndi sopo, tisathiremo dothi, phulusa kapena ndowe, ndipo tipite naye kuchipatala kuti akaone ngati akufunika katemera wa kafumbata. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda bala lakuya lobooka. Nsagwada zikayamba kuuma, imeneyo ndi ngozi yofunika kuthamanga nayo.

Pobwerera

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, mapiri a Thambani akuda pang'onopang'ono kumbuyo kwathu. M'galimoto anamwino anati mnyamata uja angadzapeze ntchito ya ndege osachoka m'dziko muno. Mu 2016 dziko lathu linayesa kunyamula magazi a makanda okayezedwa HIV pa tindege topanda woyendetsa m'kati, totchedwa drone. Mu June 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserako tindegeti ku Kasungu, ndipo mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindegeti. M'maboma ena monga Nsanje ndi Chikwawa tanyamulapo kale mankhwala ndi katemera kupita kuzipatala zovuta kufikako nthawi ya madzi osefukira. Amene amapanga zimenezi ndi ana omwe aja amene dzulo ankasenda mapesi.

Mayi wa Dorika analoza chizindikiro cha mpingo wathu chimene chinali pachikuto cha buku lake la Sukulu ya Sabata. Ambiri timangoona lawi la moto pamwamba pa Baibulo lotsegula, koma mizere itatu ya lawilo imaimira angelo atatu a pa Chivumbulutso 14, amene Yohane anawaona akuuluka ndi uthenga wopita kwa anthu onse. Nafenso tili ndi chithunzi chathu cha kuuluka, ndipo timayenda nacho Sabata lililonse. Davide pa Masalmo 55 analakalaka mapiko pamene mavuto anamuchuluka. Paulo pa 1 Atesalonika 4 analimbikitsa oferedwa powauza za tsiku limene akufa ndi amoyo adzakumane ndi Ambuye mumlengalenga. Mtima wofuna kukwera kumwamba si wachilendo kwa munthu wa chiyembekezo. Mwana amene akusowa mayi ake akauonetsa ndi mapesi, sitiyenera kuchita naye mantha.

Patatha mwezi, mkulu wa kampingo kaja anatiimbira foni. Phazi la mnyamata linapola, ndipo wabwerera kusukulu. Agogo akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kuiwala sikunathe, ndipo usiku wina anatulukanso, koma chitini cha pachitseko chinalira, ndipo mayi wa Dorika amene anagona nawo tsiku limenelo anawabweza asanafike pamsewu. Amayi a mpingo agawana masiku ogona kumeneko. Mphekesera sizinatheretu, koma nyumba ilipo. Amayi a mnyamatayo atamva zonse anatumiza ndalama ya thiransipoti ya kuchipatala, ndipo akuti abwera pa Khirisimasi, pa basi.

Tinafunsa za ndege ija. Anati anaimanganso, ndipo ili pakhonde pomwe paja, koma tsopano mapiko ake ndi a katoni.